Likoma ndi Chizumulu: Zilumba Zathu M'madzi a Eni

Zilumba za Likoma ndi Chizumulu ndi za Malawi, chonsecho madzi ozizungulira ndi a Mozambique. Gwero lake ndi amishoni a UMCA, amene anakhazikika pa Likoma m'zaka za m'ma 1880. Pamene Britain ndi Portugal anagwirizana za malire pa 11 June 1891, zilumbazi zinatsala m'manja mwa Angerezi chifukwa cha mishoniyo. Mu 1954 maiko awiriwa anasuntha malire kuchoka kugombe la kum'mawa kufika pakati pa nyanja, koma zilumbazo sanazikhudze.

Pa mapangano amenewa palibe msodzi ngakhale mmodzi amene anafunsidwa. Mzere womwewo wa 1891 unasiya Ayao a kwa Makanjira mbali ino, a kwa Mataka mbali inayo. Ife a ku Kasina, m'mapiri a Dedza, unatilekanitsa ndi abale athu a ku Angonia. Kumpoto nako, pangano la Heligoland la 1890 ndilo phata la mkangano wathu ndi Tanzania, umene unabukanso mu 2012 pa nkhani yofufuza mafuta m'nyanja.

Kumene eni nthaka safunsidwa kumagwa zoopsa. Pakati pa 1968 ndi 1973 Britain inasamutsa mokakamiza anthu a pa zilumba za Chagos kuti America imangepo malo a asilikali. A pa Likoma sanaone zotere: akadali kwawo, ndipo amavota m'zisankho za Malawi. Choncho maboma akamakambirana za nyanjayi, tiumirire kuti mawu a oponya makoka m'madzimo amveke mapangano asanasainidwe.