Khansa ya timatumba ta mazira: zizindikiro zofanana ndi kudzimbidwa wamba

M'mbali mwa chiberekero muli timatumba tiwiri, kumanja ndi kumanzere, momwe mumapangidwa mazira a mayi. Khansa ikayambira m'timatumbati, kapena m'machubu omwe mazira amadutsamo, imatha kukula kwa nthawi ndithu osaoneka, pakuti ziwalozi zili m'katikati mwa chinena ndipo chotupa chimakhala ndi malo okwanira okulira. Bungwe la IARC, nthambi ya World Health Organisation yofufuza za khansa, linayerekeza kuti m'chaka cha 2022 amayi oposa 320,000 padziko lonse anapezeka ndi matendawa ndipo oposa 200,000 anamwalira nawo.

Zizindikiro zikuluzikulu zilipo zinayi. Mimba imafufuma kapena kukula osaphwa. Mayi amamva kupweteka m'mimba kapena pachinena. Amakhuta msanga atangodya mbamu zochepa, kapena safuna n'komwe chakudya. Amakodzanso pafupipafupi, mwinanso mkodzo kumugwira modzidzimutsa. Ena amaonda popanda chifukwa, amatopa, amamva msana, amadzimbidwa kapena kutsegula m'mimba, ndipo ena amataya magazi ngakhale anasiya kale kusamba.

Palibe mayi yemwe sanamvepo zina mwa izi, ndipo apa ndi pomwe pagona vuto. Mimba yofufuma chifukwa cha nyemba imaphwa kukacha. Ya khansa imakhalapobe tsiku ndi tsiku, mpaka siketi yomwe inkakwana bwino iyamba kuthina pomwe nkhope ndi mikono zikuonda. Nthawi zambiri chomwe chimakulitsa mimbayo ndi madzi odzadza m'kati. Malangizo a madokotala a ku Britain amati mayi, makamaka wa zaka 50 kapena kuposerapo, ayezedwe ngati zizindikirozi n'zachilendo, sizikutha, ndipo zikubwera koposa ka 12 pamwezi. Kulemba pakalendala masiku omwe zabwera kumathandiza dokotala kwambiri kuposa kungomuuza kuti "m'mimba simuli bwino". Mankhwala a zilonda za m'mimba ogula pafamase mwezi ndi mwezi amangochedwetsa ulendo wakuchipatala.

Pali chinthu china chomwe chimasokoneza amayi ambiri m'dziko muno. Kuyezetsa khomo la chiberekero, komwe zipatala zimalimbikitsa, n'kofunika zedi, koma sikuona khansa ya timatumba ta mazira. Katemera wa HPV nayenso sateteza ku khansayi. Mayi yemwe anauzidwa kuti khomo la chiberekero lili bwino ayenera kubwereranso ngati mimba yake ikufufuma.

Matendawa amagwira kwambiri amayi omwe anasiya kusamba, ngakhale pali mitundu ina yosowa yomwe imapezeka mwa atsikana. Chiopsezo chimakwera ngati mayi, mchemwali kapena mwana wa munthuyo anadwalapo khansa ya timatumbati kapena ya m'mawere. Akuchimuna nawonso amawerengedwa, chifukwa majini osokonekera otchedwa BRCA1 ndi BRCA2 amachokeranso kwa bambo. Katswiri wa mafilimu Angelina Jolie, yemwe ali ndi BRCA1 yosokonekera, anachotsetsa timatumba take ndi machubu m'chaka cha 2015 pofuna kudziteteza. Kubereka, kuyamwitsa, kumwa mapiritsi olerera kwa zaka zingapo ndi kutseketsa kumachepetsa chiopsezo.

Kuchipatala dokotala amagwiragwira mimba, amajambula chinena ndi sikani, ndipo pomwe pali zipangizo amayeza magazi kuti aone kuchuluka kwa CA125. Kuyeza magaziku pakokha sikutsimikiza kanthu. CA125 imakweranso mayi akakhala ndi pakati, akakhala kumwezi, akakhala ndi zotupa wamba za m'chiberekero, ngakhalenso TB ya m'mimba, yomwe imadzadzanso mimba ndi madzi ndipo kuno si yachilendo. Yankho lenileni limabwera akapima kachidutswa ka chotupacho.

Chithandizo chake ndi opaleshoni pamodzi ndi mankhwala a khansa, ndipo odwala amatumizidwa ku zipatala zazikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre ndi Kamuzu Central ku Lilongwe. M'mayiko olemera, amayi pafupifupi 9 mwa 10 omwe khansayi yapezeka isanatuluke m'timatumba amakhala ali moyo patatha zaka zisanu. Ikafalikira kutali m'thupi, chiwerengerocho chimatsika kufika pafupifupi 3 mwa 10, ndipo ambiri amapezeka itafalikira kale.