Mkangano wa Zakudya Zachangu: Kuchokera ku Chicago Kukafika Kuminda ya Matimati

M'masukulu a sekondale ndi m'makoleji ku America, ophunzira akamaphunzitsidwa kufufuza nkhani ndi kuchita mtsutso amapatsidwa kawirikawiri mutu wa zakudya zachangu, zija za ku McDonald's, Burger King, KFC ndi anzawo. Funso limakonda kukhala lakuti: munthu akanenepa mpaka kudwala shuga chifukwa cha mahamburger, tchipisi ndi zakumwa zotsekemera, mlandu ndi wa wodya kapena wa wogulitsa? Mbali ina imati palibe anamukoka dzanja, ina imati makampani amatchera ana msampha. Funsoli ndi lenileni, koma ndi lopapatiza. Mkanganowu wadutsa zaka 100, ndipo pamene unabala zipatso zooneka ndi pamene achinyamata anasiya kuyang'ana m'mbale n'kuyamba kufunsa za manja amene akonza chakudyacho.

Mu 1906 Upton Sinclair anatulutsa buku lotchedwa The Jungle atafufuza m'mafakitale ophera ndi kukonzera nyama ku Chicago. Chimene chinkamuwawa mumtima chinali moyo wa antchito, ambiri a iwo obwera kuchokera ku Ulaya, amene ankavulala pantchito n'kutayidwa opanda chipukutamisozi. Owerenga anagwidwa nseru ndi uve wa nyamayo. Chaka chomwecho boma linakhazikitsa malamulo oyendera nyama ndi zakudya, koma za antchito zinangosiyidwa. Nyama yogaya inatsala ndi mbiri yoipa: anthu ankati ndi mmene ogulitsa amabisamo zotsalira ndi zowola.

Billy Ingram ndi Walter Anderson potsegula White Castle ku Wichita, m'boma la Kansas, mu 1921, ankalimbana ndi mantha amenewo. Nyumba zawo zinali zoyera mbee, ophika ovala zaukhondo, nyama ikuwotchedwa wogula akuona, hamburger imodzi masenti 5. Mu 1930 kampaniyo inakonza zoti wophunzira wina wa zaudokotala pa University of Minnesota adye mahamburger ake ndi madzi okha kwa milungu 13, kenako inalengeza kuti mnyamatayo ali bwinobwino. Kuyesa munthu mmodzi, pa pempho la mwini malonda, sikutsimikiza kanthu. Koma umu ndi mmene wophunzira analowera koyamba m'nkhaniyi, ngati mboni ya kampani.

Chimene chinasintha zonse chinachitika ku San Bernardino, California, mu 1948. Richard ndi Maurice McDonald, pachibale pawo, anachotsa atsikana operekera chakudya kugalimoto, anasiya mbale zotsuka n'kuyamba zamapepala, anachepetsa mitundu ya zakudya, ndipo anagawa ntchito ya m'khitchini tizigawo ting'onoting'ono: uyu awotche nyama, uyu akazinge tchipisi, uyu akulunge. Hamburger inali masenti 15. Ray Kroc anatsegula nthambi yake yoyamba ya McDonald's ku Des Plaines mu 1955, ndipo mu 1961 anagula kampani yonse pa madola 2.7 miliyoni. Ntchito ikaduliridwa chotero sifunanso wophika waluso. Aliyense angaiphunzire m'masiku ochepa, ndipo aliyense angachotsedwe mawa wina n'kulowa m'malo mwake. Kutchipa kwa chakudyacho kunamangidwa pa kutchipa kwa munthu wochikonza, ndipo panadutsa zaka zambiri anthu wamba asanazilankhule mokweza.

Makampani anatembenukira kwa ana. Ronald McDonald, wanthabwala wotsatsa malonda a McDonald's, anaonekera pa kanema mu 1963, ndipo Happy Meal, chakudya chobwera ndi chidole, inafalikira m'dziko lonse mu 1979. Anawo nawonso anadzayankha. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 ana asukulu a ku Closter, New Jersey, anayambitsa gulu la Kids Against Pollution, ndipo pamodzi ndi magulu ena anadandaula za timabokosi ta polystyrene tosawola tomwe ankaikamo mahamburger. Mu Novembala 1990 McDonald's inalengeza kuti itisiya. Chaka chomwecho inasiyanso kukazingira tchipisi m'mafuta a ng'ombe, Phil Sokolof, wabizinesi wa ku Omaha amene anadwalapo mtima, atalipira masamba athunthu m'nyuzipepala kuidzudzula. Mafuta olowa m'malo mwake anali ndi trans fat, amene pambuyo pake anapezeka kuti nawonso amawononga mtima, mpaka mzinda wa New York unawaletsa m'malesitilanti mu 2006.

Mantha a nyama anabwereranso mu 1993. Mahamburger osapsa bwino a ku malesitilanti a Jack in the Box, okhala ndi kachilombo ka E. coli O157:H7, anadwalitsa anthu opitirira 700, ndipo ana anayi anamwalira. Chaka chotsatira boma linalamula kuti nyama yogaya yopezeka ndi kachilomboka isagulitsidwe.

Ku London kunali kukuchitika china. McDonald's inasumira anthu awiri osauka, Helen Steel ndi David Morris, chifukwa cha kapepala kodzudzula kampaniyo komwe gulu lawo linkagawa mumsewu. Analibe ndalama zolipira loya, choncho anadziimirira okha, akuthandizidwa mwaulere ndi Keir Starmer, amene panthawiyo anali loya wachinyamata. Mlandu unayamba mu 1994 n'kugamulidwa mu Juni 1997, bwalo litakhala masiku 313. Woweruza anati zina za m'kapepalako sanazitsimikize, monga zoti kampaniyo inawononga nkhalango za mvula, ndipo anawalamula kulipira mapaundi 60,000. Koma anavomereza kuti kampaniyo imadyera ana masuku pamutu kudzera m'zotsatsa malonda, imalipira antchito malipiro otsika, ndipo ili ndi mbali pa nkhanza zochitira ziweto. Mu 2005 bwalo la ufulu wachibadwidwe la ku Ulaya linati awiriwo sanaweruzidwe mwachilungamo popeza anamanidwa thandizo la maloya. Wophunzira aliyense wokonzekera mtsutso ayenera kuudziwa mlanduwu, chifukwa mfundo iliyonse inayesedwa payokha ndi umboni, zina zinaima, zina zinagwa.

Buku la Eric Schlosser la Fast Food Nation, la mu 2001, linalowa m'makalasi ambiri, ndipo mu 2006 iye ndi Charles Wilson analemba lina la ana, Chew on This. Mu 2002 atsikana awiri a ku New York anasumira McDonald's kuti yawanenepetsa. Woweruza anautaya mlanduwo mu 2003, ndipo maboma opitirira 20 a ku America anapanga malamulo otsekereza milandu yotere. Mu 2004 Morgan Spurlock anatulutsa filimu ya Super Size Me, yomuonetsa akudya za ku McDonald's zokha kwa masiku 30, nawonjezera makilogalamu pafupifupi 11. Filimuyo inagwedeza anthu, koma inali ndi chilema chomwe chija cha mu 1930: munthu mmodzi, wodziwa kale yankho limene akufuna.

Nthawi yomweyo kunkachitika ntchito imene ine ndimaiona kuti ndi yaikulu kuposa zonsezi. Ku Immokalee, m'boma la Florida, othyola matimati, ambiri ochokera ku Mexico, Guatemala ndi Haiti, ankalandira masenti 40 mpaka 45 pa ndowa yolemera mapaundi 32, mtengo umene unali usanasinthe kwenikweni kwa zaka zoposa 20. Kuti munthu apeze madola 50 ankayenera kuthyola pafupifupi matani awiri tsiku limodzi. Eni minda ankakana kukambirana nawo. Bungwe lawo, Coalition of Immokalee Workers, linatsata matimatiwo kumene amathera, n'kupeza kuti mmodzi wa ogula akuluakulu ndi Taco Bell. Mu 2001 linapempha anthu kunyanyala kugula ku Taco Bell mpaka kampaniyo itavomera kuwonjezera senti imodzi pa paundi iliyonse ya matimati, ndalama yopita kwa wothyola.

Taco Bell inkadalira kwambiri achinyamata, ndipo inali ndi malo ogulitsira m'kati mwa mayunivesite. Ophunzira a gulu la Student/Farmworker Alliance anaona kuti mphamvu yawo yagona pamenepo. Anafufuza mapangano a pakati pa sukulu zawo ndi kampaniyo, anaitana othyola matimati kudzalankhula okha m'maholo, ndipo ena, monga a ku Notre Dame, anasala kudya. Masukulu opitirira 20, kuphatikizapo UCLA ndi University of Chicago, anachotsa Taco Bell kapena kuikaniza malo. Mu Malichi 2005 Yum! Brands, kampani imene ili ndi Taco Bell komanso KFC yomwe tikuiona ku Lilongwe ndi ku Blantyre, inavomera. McDonald's inatsatira mu 2007, Burger King mu 2008, ndipo mu 2011 panakhazikitsidwa Fair Food Program, yokhala ndi oyendera minda ndi njira yoti wantchito adandaule popanda kuopa kuchotsedwa.  Ophunzirawa anakana kuti sukulu yawo ikhale msika wa kampani yosamva kulira kwa anthu a kumunda. Wendy's yokha mwa makampani akuluakuluwo inakana kulowa, ndipo mu 2017 ophunzira a Ohio State University anasala kudya sabata yathunthu pofuna kuti ichotsedwe pasukulu pawo.

Mu Novembala 2012 antchito a m'malesitilanti a zakudya zachangu, pafupifupi 200, ananyanyala ntchito ku New York kufuna madola 15 pa ola. Malipiro otsikitsitsa ovomerezeka ndi boma lalikulu akhala madola 7.25 kuyambira 2009. Eni malesitilanti amati kukweza malipiro kumakweza mitengo ndi kuchotsetsa anthu ntchito, ndipo nkhawa imeneyi siyongopeka, makamaka kwa mwini nthambi imodzi amene amalipiranso kampani yaikulu. Koma David Card ndi Alan Krueger atayerekeza malesitilanti 410 a ku New Jersey ndi Pennsylvania, New Jersey itakweza malipiro kuchoka pa madola 4.25 kufika 5.05 mu 1992, sanapeze kuti ntchito zachepa. Card analandira mphoto ya Nobel mu 2021. Mu Epulo 2024 California inaika madola 20 pa ola kwa antchito a makampani akuluakulu a zakudya zachangu, ndipo akatswiri a zachuma akukanganabe pa zimene lamuloli lachita ku mitengo ndi ku chiwerengero cha ntchito.