Metadata: chizindikiro cha pa mtolo

Metadata ndi mawu ochepa ofotokoza chikalata kapena chithunzi chosungidwa: anachilemba ndani, liti, chikukamba za chiyani. Chikalatacho ndi mtolo, metadata ndi chizindikiro chomangidwa panja.

Mwachitsanzo, nkhalango ya Viphya ku Chikangawa, ya mahekitala pafupifupi 53,000, inagawidwa m'zigawo zokhala ndi manambala. Kaundula wa chigawo amayenera kunena mtundu wa paini, monga Pinus patula, chaka chobzala ndi kukula kwa malo. Mapulogalamu a AI otumidwa kukafufuza m'makaundula otere amayamba awerenga malangizo a chida chofufuzira, omwenso ndi metadata, ndipo ubwino wa malangizowo umayesedwa apa. Pamzere polembedwa "chaka", kodi ndi chaka chobzala koyamba, kapena chobzalanso moto utapsereza? Kukula kuli m'mahekitala kapena maekala? Kalaliki wa zankhalango akakayika amadzuka kukafunsa mnzake. Pulogalamu nthawi zambiri imangoganizira, n'kupereka yankho lolakwika molimba mtima, mwina mpaka kunena kuti mitengo yanthete yakwana kucheka matabwa.

Olemba malangizo, tanthauzirani mzere uliwonse, perekani chitsanzo, ndipo lembani tsiku limene munakonza komaliza.