Dzuwa n'laulere, koma magetsi ake ali ndi mtengo

Azakhali anga a ku Dedza anagulitsa mbuzi ziwiri kuti agule sola. Mnyamata wogulitsa pamsika anawauza mawu amene ine ndawamvanso kambirimbiri pa wailesi ndi kuwawerenga pa zikwangwani: "Mayi, mukagula iyi basi, magetsi aulere mpaka kalekale." Kwa zaka ziwiri mababu anayakadi. Adzukulu ankawerenga usiku, ndipo anansi ankabwera kudzatchajitsa mafoni. Chaka chachitatu batire linayamba kufooka, moti pofika nthawi ya nsima yamadzulo m'nyumba munkakhala mutada kale. Atamva mtengo wa batire latsopano anandiimbira: "Mwanangu, nanga ulere uja uli kuti?"

Funso limenelo limandipweteka mpaka lero, chifukwa sola ija inalibe vuto. Chimene chinawanyenga azakhali ndi liwu limodzi. M'Chichewa, chaulere ndi chinthu chimene walandira osatulutsa kanthu, lero ngakhale mawa. Madzi a mvula amene watunga pa denga ndi aulere. Mango amene mnzako wakuthyolera pakhomo pake ndi aulere. Dzuwanso n'laulere, palibe amakulipiritsa ukayanika ufa pamphasa. Koma pakati pa dzuwa ndi babu pali panelo, pali mawaya, pali kachipangizo koteteza kuti batire lisadzaze mopitirira muyeso, ndipo amene akufuna kuonera TV yamagetsi a m'nyumba amafunikanso inveta. Panelo yabwino imatha zaka 20 kapena kuposerapo. Batire la asidi, longa la galimoto lija, limatha zaka zochepa chabe, makamaka ngati tsiku lililonse ukulikama mpaka kutheratu. Walira mvula walira matope: wofuna magetsi a dzuwa adziwiretu kuti batire adzagulanso.

Chinenero chathu sichinasowe mawu onenera zoona. Tingathe kunena kuti "magetsi osalira mayunitsi", chifukwa aliyense amene anaimapo pa mzere kugula mayunitsi a ESCOM amva msanga. Tingati "ogula kamodzi, n'kumangosamalira". Kumene munthu amatenga sola n'kumalipira pang'onopang'ono kudzera pa foni, tinene momwemo kuti ndi ngongole yolipira pang'onopang'ono, ndipo tinene poyera kuti ukasiya kulipira nyale zimazimitsidwa. Amenewa ndi mawu amene amayi a kumudzi angawerengere nawo ndalama zawo asanagulitse mbuzi.

Ndidutsirepo pa kalembedwe. Timalemba "ulere", osati "ulele", pakuti pambuyo pa e ndi i timaika r, pomwe pambuyo pa a, o ndi u timaika l. Mawu obwereka nawonso alowa mu mzere womwewu popanda kuwakakamiza: sola, batire. Ndipo "aulere" timalemba pamodzi chifukwa akufotokoza mmene magetsiwo alili, koma "magetsi a dzuwa" timalekanitsa chifukwa tikutchula kumene achokera.

Liwu loti dzuwa lilinso ndi msampha wake. Kwa ife dzuwa ndi kuwala, ndi kutentha, ndiponso ndi chilala, monga tikamati dzuwa lapsereza chimanga. N'chifukwa chake ambiri amaganiza kuti sola imadya kutentha, ndipo kukatentha kwambiri mu Okutobala ndiye kuti ikudzaza kwambiri. Panelo imagwira kuwala, ndipo ikatentha kwambiri imatulutsa moto wocheperako. Zimene zimaifooketsa ndi fumbi, mthunzi wa mtengo ndi mitambo ya chiperoni. Wophunzitsa anthu akangoti "kuwala kwa dzuwa", mwinisola amvetsa yekha chifukwa chake ayenera kupukuta panelo ndi kudulira nthambi yoitchinga.

Vuto lina limachokera m'maofesi. Pomasulira zikalata za mabungwe, anthu amafuna liwu limodzi lokuta dzuwa, mphepo, madzi ndi ndowe monga Chingerezi chichitira, ndiye amatulukira zinthu ngati "mphamvu zongowonjezedwanso". Sindinamvepo munthu pamsika wa Lizulu kapena pa chigayo akulankhula chonchi. Anthu amati foni yatha moto, magetsi athima, magetsi ayaka. Magetsi tinawalandira m'chinenero chathu ngati moto, ndipo moto timautchula ndi chimene chauyatsa: moto wa nkhuni, moto wa makala.

William Kamkwamba, mnyamata wa m'mudzi wa Masitala kufupi ndi Wimbe ku Kasungu, anatisonyeza njira. Atasiya sukulu chifukwa cha njala ya 2001 ndi 2002, ali ndi zaka 14, anamanga nsanja ya mitengo ya bulugamu, n'kumangirirapo njinga yakutha ndi dayinamo, mphepo ikazungulitsa zipupa babu n'kuyaka. Chinthucho chinalibe dzina m'Chichewa. Iye anangochitcha magetsi a mphepo, ndipo ngakhale amene ankamunena kuti wapenga anamva chimene akutanthauza. Potsatira katchulidwe kakeka tili ndi magetsi a dzuwa, monga a ku Salima amene anatsegulidwa mu 2021 ndi mphamvu ya mamegawati 60. Magetsi a madzi, monga a ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira pa Shire. Ndiponso gasi wa ndowe, amene amatuluka ndowe za ng'ombe zikamawola m'dzenje lotsekedwa bwino, n'kumaphikira. Pamene pafunikadi kuzikuta zonse, tingati "magetsi ochokera ku zinthu zimene chilengedwe chimabwezeretsa chokha". N'zazitali, inde, koma wozimva amaona chithunzi.

Ena amadula njira n'kumati "mphamvu zosatha". Ameneyu ndi m'bale wake wa "aulere". Dzuwa silitha, koma chimene timakolera nacho moto wake chimatha ndipo chimawonongeka. Ndi madzi n'chimodzimodzi: mu Januwale 2022 namondwe Ana anagumula damu la Kapichira, dziko n'kutaya pafupifupi mamegawati 130, ndipo mdima umene unatsatira tonse tikuukumbuka. Nkhuni nazo zimaphukanso, koma pokhapo mitengo ikupatsidwa mpata. N'chifukwa chake mbaula ya dothi ya Chitetezo ndimakana kuitcha "yosunga mphamvu", mawu amene sanena kanthu kwa mayi woyenda mtunda kukatola nkhuni. Ndi mbaula yosalira nkhuni zambiri poyerekeza ndi mafuwa atatu, ndipo mtolo umene unkatha msanga tsopano umakhalitsa.

Azakhali anagula batire lina. Nditapita kukawaona ndinapeza kachitini pambali pa mafoni a anthu amene ankatchajitsa, ndipo aliyense wodzatenga foni ankaponyamo kangachepe. Nditafunsa, anati: "Izi ndi za batire, mwanangu. Ndikudziwa tsopano kuti lidzafunanso lina." Panelo anali atapukuta m'mawa womwewo, ndipo nthambi ya mango imene inkaitchinga anali atauza mdzukulu kuti aidule.