Holo ya kanema isanduka bwalo la oyimba: zidayamba bwanji?

FUNSO: Ndidamva kuti kunja kuli maholo akale a kanema omwe lero mumachitikira zoyimba ndi zisudzo. Zidayamba bwanji, nanga bwanji kuno ku Mzuzu sitiziona? — Wowerenga wa ku Geisha, Mzuzu

YANKHO: Achimwene a ku Geisha, gwero lake ndi kamangidwe. Maholo a kanema a zaka za m'ma 1920 ndi 1930 ankamangidwa motengera nyumba za zisudzo: mipando yokwera chokwera, denga lalitali, kutsogolo nsanja ndi makatani. Ena ankayamba ndi oyimba filimu isanayambe. Ndiye wailesi yakanema italowa m'makomo, anthu n'kusiya kugula matikiti, eni maholo adangotsala ndi chinyumba choti kuchotsamo chinsalu chokha, bandi n'kukwera.

Mwachitsanzo, ku London kuli holo ya Brixton Academy. Idatsegulidwa mu 1929 ndi dzina loti Astoria, n'kusiya kuonetsa mafilimu mu 1972. Mu 1983 mnyamata wina, Simon Parkes, adatenga holoyo pamtengo wa paundi imodzi yokha, poti idali itasanduka mtolo kwa eni ake. Lero mumalowa anthu pafupifupi 5,000. Kufupi kuno, ku Maputo, gulu la zisudzo la Mutumbela Gogo, lomwe lidayamba mu 1986, lidapeza khomo mu Teatro Avenida, momwe kale ankaonetsamo mafilimu.

Kwathu nkhani idayenda njira ina. Maholo enieni adali ochepa, ndipo otchuka, monga Apollo, adali ku Blantyre. Filimu iliyonse inkayamba yadutsa m'manja mwa bungwe lounika zoonetsa, malinga ndi lamulo la 1968, ndipo lumo lake silinkachita manyazi. Wailesi yakanema ya TVM idabwera mochedwa, mu 1999, koma vidiyo idali itafika kale. Kanema wa anthu wamba adakulira m'timashedi ta vidiyo sho: mabenchi a matabwa, chiguduli pakhomo, sipika panja yoitanira ana. M'menemo ngakhale ng'oma za bandi sizingakwane.

N'chifukwa chake woyimba akabwera ku Mzuzu amakaimika zida ku hotela, m'holo ya sukulu, kumalo omwera kapena pa Mzuzu Stadium. Kunena mosabisa, ambiri mwa malowa sadamangidwire nyimbo. Mawu amangowombana ndi malata, ndipo wokhala kumbuyo amalipira kuti aone misana ya anzake.