Wailesi ya Mavalavu: Kutentha ndi Kung'ung'uza

Aphunzitsi ndi ana a sukulu, lero tili ku Itawa, dera lina la mzinda wa Ndola m'dziko la Zambia. M'nyumba zina zakale za kumeneko, ndiponso za ku Kitwe, mungapeze chibokosi cha matabwa chimene agogo amaikapo maluwa ndi zithunzi. Imeneyo ndi wailesi ya mavalavu. Masiku ake inkati ikayatsidwa imayamba yakhala duu kufikira itafunda, ndiye n'kulankhula. Lero zambiri mwa izo zimangong'ung'uza ngati njuchi ili m'chipanda.

Valavu ndi kabotolo kagalasi kopanda mpweya m'kati. Woyamba kukapanga anali John Ambrose Fleming wa ku England m'chaka cha 1904, ndipo mu 1906 Lee de Forest wa ku America anaonjezamo kawaya kena kamene kanatheketsa kukuza mawu. M'kati mwa valavu muli kawaya kofiira ngati khala. Kakapanda kutentha, valavu sigwira ntchito. Choncho kutentha kumene si matenda ai.

Boma la Northern Rhodesia linatsegula nyumba ya wailesi ku Lusaka mu 1941, nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ili m'kati. Koma Afirika amene anali ndi wailesi anali owerengeka. Mkulu wa zofalitsa nkhani, Harry Franklin, anapempha kampani ya Ever Ready ya ku Britain kuti ipange wailesi yotsika mtengo, ndipo mu 1949 inatuluka Saucepan Special. Thupi lake linali sefuliya yopanda chogwirira, m'kati muli mavalavu anai, ndipo kumbuyo anatchinga ndi sefa kuopa tizilombo. Mtengo wake unali mapaundi 5, batire padera. Pa sefuliya imeneyi ndi pamene anthu a m'midzi ndi a m'makomboni a migodi ankamvera mawu a Alick Nkhata ndi nkhani za m'Chinyanja ndi m'Chibemba.

Tsono taonani chodabwitsa. Sefuliya ya anthu wamba sinkang'ung'uza, koma wailesi yaikulu ya m'nyumba za magetsi ndiyo imang'ung'uza ikakalamba. Chifukwa chake n'chakuti magetsi a batire amayenda njira imodzi mosadukiza, pamene magetsi a pakhoma amapita ndi kubwerera ka 50 pa sekondi iliyonse. Wailesi yaikulu imayamba yawaongola, kenaka n'kuwasalaza ndi tizitini tosunga magetsi totchedwa makapasita. M'tizitinimo muli mankhwala achinyezi. Pakapita zaka, kutentha kwa mavalavu kumawaumitsa, ndipo kugwedera kwa magetsi kumatulukira m'sipika. Kung'ung'uza kuja ndi kumeneko.

Marekodi a sitiriyo atayamba kugulitsidwa mu 1958, vutoli linakula. Wailesi ya sitiriyo ili ndi mbali ziwiri zokuzira mawu, ya kumanja ndi ya kumanzere, iliyonse ndi mavalavu ake, zonse m'bokosi limodzi. Taganizani mwezi wa Okutobala ku Ndola, wailesi itakankhidwira kukhoma, amai atayalapo kansalu koluka kamene katseka mabowo otulukira mpweya. Kansaluko n'kokongoladi, koma kanapha mawailesi ambiri.

Mmisiri wodziwa akalandira wailesi yotere salumikiza ku magetsi msanga. Amayamba wachotsa fumbi ndi zisa za mphemvu, n'kuyang'ana ngati mawaya sanathetheke. Makapasita akale amawachotsa ndi kuikapo atsopano. Poyatsa koyamba amalumikiza babu pa njira ya magetsi olowa m'wailesi. Babulo likawala pang'ono n'kuzilala, zinthu zili bwino. Likawala kwambiri osaleka, penapake pagundana mawaya, ndipo amazimitsa nthawi yomweyo. Kusamala konseku n'kupulumutsa thiransifoma, chifukwa ikapsa, kupeza ina yofanana nayo n'kovuta kwambiri. Kung'ung'uza kukapitirira, amayesa mavalavu imodziimodzi, ndi kutalikitsa mawaya otenthetsera mavalavu ndi aja onyamula mawu. Pomaliza amalangiza eni ake kusiya mpata pamwamba ndi kumbuyo kwa bokosi.

Ana inu, mvetsetsani apa. M'wailesi ya mavalavu mumayenda magetsi opitirira mavolti 250, ndipo makapasita amawasunga ngakhale mutazula pulagi pakhoma. Magetsi amenewo angathe kupha munthu. Musatsegule kumbuyo kwake, ndipo musaiyatse kuti muone ngati ikulirabe.

Thiransisita, imene inapangidwa ku America mu 1947, sisowa kawaya kotentha. M'zaka za m'ma 1960 mawailesi ake ang'onoang'ono anafala, ndipo mavalavu anayamba kusiyidwa. Aphunzitsi, tumani ana akafunse agogo awo kuti wailesi yoyamba anaimvera kuti, inali ya yani, ndipo pa 24 Okutobala 1964, tsiku limene Zambia analandira ufulu, anamva chiyani. Alembe mayankhowo m'makope mwao, adzawerenge m'kalasi.