Tad Lincoln, mwana amene mabuku amamukaniza kukula

Pa 9 February 1864, mu situdiyo ya Mathew Brady ku Washington, Anthony Berger anajambula Pulezidenti Abraham Lincoln ali pampando, mandala ali pamphuno, buku lalikulu lili pamiyendo, mwana wawo Tad ataima pambali n'kumasuzumira. Ena ogulitsa chithunzichi ankati Pulezidenti akuwerengera mwana wake Baibulo, chonsecho linali buku losungiramo zithunzi. Kukometsera nkhani ya Tad kunayambira pomwepo.

Mabuku anabwera pambuyo. F. Lauriston Bullard anatulutsa "Tad and His Father" mu 1915, koma chitsime chimene olemba ambiri amatungamo ndi "Tad Lincoln's Father" la Julia Taft Bayne, la 1931. Bayne anali mtsikana panthawi imene alongo ake ankasewera ndi Tad ndi mkulu wake Willie ku White House. Ndiye anasimba za chidole cha msilikali chotchedwa Jack, chimene anyamatawo anachigamula kuti chiphedwe chifukwa chogona paulonda, mpaka a Lincoln analemba kalata yochikhululukira. Onjezani mbuzi ziwiri, Nanny ndi Nanko, komanso nkhukundembo imene Tad anaipulumutsa ku mpeni wa Khirisimasi mu 1863, ndiye kuti buku la ana latheka.

Chimene chimakoka olemba si kupulupudza kokhako. Willie atamwalira mu February 1862, nkhondo yapachiweniweni ili mkati, a Lincoln anakakamira Tad. Mwanayu ankalowa m'misonkhano ya nduna osaodira, n'kugona mu ofesi mpaka bambo ake kumunyamula usiku. Ankavutika kutulutsa mawu, sukulu osaifuna, koma chikwapu sanachione. F. N. Monjo mu 1973 anam'patsa Tad pakamwa kuti asimbe yekha mu "Me and Willie and Pa". Beth Anderson mu buku lake la 2021 anaona kusakhazikika kwake ngati kwa mwana wovutika kuphunzira, amene bambo ake anamumvetsa.

Vuto langa ndi lakuti mabuku ambiri a zithunzi amathera pamene pakukoma, osanena zimene zinatsatira. Usiku wa 14 April 1865 Tad anali ku Grover's Theatre kuonera sewero la Aladdin pamene munthu analengeza kuti Pulezidenti waomberedwa. Mu 1868 Tad anapita ndi mayi ake, Mary, ku Frankfurt kukaphunzira. Anabwerera mu 1871, n'kumwalira ku Chicago pa 15 July chaka chomwecho ali ndi zaka 18.